Kopopera Kabulauni Kamene Ndinkakaopa

Zikomo anamwino pondipatsa mpata uno pamene tikudikira kuti chitseko chitsegulidwe. Muli bwanji nonse, amayi ndi abambo? Inu mukutsokomola kumbuyoko, tsokomolani momasuka, pano palibe mlendo wa chifuwa.

Ine ndine Nambewe, wa kumapiri kwa Nsambe uku, mayi wa ana anayi, mlimi wa kachewere ndi tirigu pang'ono. Ndili ndi mphumu monga ambiri a inu. Chandiimiritsa n'chakuti ndamva mayi wina pabenchi apa akunong'oneza mnzake kuti, "Akakupatsani kopopera kabulauni musalandire, muli siteroyidi, kamatupitsa." Mayi, sindikulozani chala. Mawu amenewo ndinawayankhulapo ine, mokweza kuposa inu. Ndiloleni ndikuuzeni kumene anandifikitsa.

Mphumu ndi yakumtundu kwathu. Amayi anga ondibereka anali nayo. Masiku amenewo zopopera kumudzi kunalibe, kunali timapiritsi toyera timene ankagula pa okala. Akabanika amamwa, mawa lake adzuka bwino. Ndiye anazolowera kumwa tsiku ndi tsiku, popanda dokotala wowauza kuti lekani. Zaka zitapita nkhope yawo inatupa n'kukhala yozungulira ngati lichero, miyendo n'kuonda, khungu likangokhudzidwa ndi kamtengo, bala. Kenako shuga. Tsiku lina anaterereka pakhonde, chiuno n'kuthyoka, ndipo sanadzukenso. Kuchipatala anatiuza kuti timapiritsi tija tinali ta siteroyidi, ndipo ndi timene tinafooketsa mafupa awo. Ine ndinali m'gulu la amene anawasambitsa komaliza. Dzina la mankhwala amenewo ndinalisunga mumtima ngati dzina la munthu amene anandiphera mayi.

Mphumu yanga inayamba nditabereka mwana womaliza. Chisanu cha Juni chikafika, nkhungu itaphimba mapiri, chifuwa chinkalira ngati kamwana ka mphaka. Nditabwera kuno anandipatsa zopopera ziwiri, kabuluu ndi kabulauni. Anati kabuluu n'kothandiza ukabanika, kabulauni n'koteteza kuti usamabanike. Ndinafunsa kuti, "Nanga m'kabulaunimu muli chiyani?" Iwo anati, "Muli siteroyidi pang'ono." Zimene ananena pambuyo pake sindinazimve, makutu anatsekeka. Ndinalandira mwaulemu, ndinathokoza, n'kukakaponya m'chimbudzi nditangofika kunyumba.

Kabuluu ndinakakonda. Mukudziwa nonse mmene kamachitira: wapopa, nthawi yomweyo chifuwa chamasuka. Ndinkati mankhwala enieni ndi amenewa. Koma poyamba ndinkapopa mwa apo ndi apo, kenako tsiku lililonse, kenako ndikangopeta tirigu, ndikangosesa, ndikangoseka kumene. Kankatha tsiku la sikelo yathu ya mphumu lisanafike, ndipo ndinkabwereka ka anzanga. Manja ankanjenjemera, mtima ukugunda ngati ndathamangitsidwa ndi galu.

Mlongo wanga amayendetsa galimoto ku Blantyre. Nditamudandaulira anakafunsa ku famase ngati alipo mankhwala oteteza mphumu opanda siteroyidi. Anandibweretsera mapiritsi omwa kamodzi patsiku. Ndinavina, abale. Ndinati Mulungu wandiyankha. Ndipo ndisaname, anathandizako: kuyetsemula kunachepa, mphuno zinatseguka. Koma chifuwa sanachifike kwenikweni. Kubanika kunapitirira, ndipo panabweranso china. Ndinayamba kulota maloto oopsa, kudzuka ndi mtima wolemera, kukalipira ana popanda chifukwa. Ndinkatha kukhala pamkeka tsiku lonse ndikuyang'ana khoma. Sindinaganizepo kuti zimenezi zingakhudzane ndi mapiritsi. Ndinkati ndalodzedwa.

Kumunda ndinasiya. Kutunga madzi ndinasiya. Mayi wina wotcheza kachasu m'mudzi mwathu anandiuza kuti kakapu kamodzi kamatenthetsa pachifuwa ndi kutsegula njira za mpweya. Ndinayesa. Chifuwa sichinatseguke, koma mantha anagona pang'ono, ndiye ndinabwerezanso. Ine mayi wa yunifomu ya kumpingo, amene ndinkatsogolera nyimbo pamaliro, ndinayamba kuzembera kuseri kwa nkhokwe ndi kabotolo m'chitenje. Fungo silibisika. Amayi anzanga anabwera kudzandilangiza, ine n'kuwatukwana. Anandiimitsa m'gulu, ndipo sindiwaimba mlandu.

Tsono ndikuuzeni za amuna anga, aNkhoma. Akhala apo, a chipewa chakuda, akuyang'ana pansi chifukwa sakonda kutchulidwa. Iwo ndi akamwini, kwawo ndi cha ku Magaleta. Nthawi yonseyi ndi iwo ankaphika, kutunga madzi, kuchapa zovala za ana. Amuna anzawo ankawaseka kuti ndinawadyetsa mankhwala. Tsiku lina mlongo wawo anabwera, anakhala nawo pansi pa mtengo wa mapichesi, ine ndili m'nyumba ndikumva zonse. Anati, "Achimwene, mukuvutikiranji pamudzi pa eni? Mkazi sakulima, akumwa, akungodwala. Bwererani kwathu, akazi sanathe."

Mlamu wanga atapita ndinawaitana amuna anga. Ndinati, "Bambo a Tadala, alamu sananame. Tengani khasu lanu ndi zovala zanu muzipita. Ine ndatha kale."

Anandiyang'ana. Kenako anati, "Nambewe, tsiku limene ndinkafunsira mbeta pano sindinafunsire mapapo. Ndinafunsira inu." Atatero anatenga ndowa n'kupita kumjigo. Mungaganize kuti mawu amenewo anandisintha. Ayi. Ndinalira, ndipo madzulo ake ndinamwanso.

Chimene chinandigwetsa chenicheni ndi ichi. Tadala, mwana wanga woyamba, anali ndi pakati pake poyamba. Amayi muli pano mukudziwa kuti wodikirira mwana wamkazi kuchipatala ndi mayi wake. Ine sindinathe. Anapita ndi apongozi ake. Anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo atatuluka anabwera naye kumudzi kwathu, ataperekezedwa ndi apongozi ake aja. Kunali kozizira kwambiri m'mawa umenewo, ndiye anali atalowetsa mbaula ya makala m'nyumba kuti khanda lifunde, mazenera onse otseka. Ine ndinali nditamwako pang'ono kuti ndilimbe mtima wokaonana ndi asewere anga. Ndinalowa, ndinakhala pamphasa, Tadala n'kundipatsira mwana m'manja.

Anali wopepuka ngati mtolo wa masamba a nkhwani. Ndinamuyang'ana kumaso, iye akuyamwa kachala kake. Ndinafuna kumuyankhula, kumuuza kuti ndine agogo ake. Pamenepo chifuwa chinatseka. Osati monga masiku onse, chinatseka ngati munthu wamanga thumba ndi luzi. Sichinalire n'komwe. Ndinafuna kunena kuti, "Tadala, tenga mwana," koma mawu sanatuluke. Manja anayamba kulefuka, ndikumva mwana akutsetsereka pamiyendo panga. Amuna anga ndi amene anaona. Anadumpha kuchokera pakhomo n'kumuwakha asanafike pansi.

Tadala anakuwa. Wina anapisa m'thumba langa n'kutulutsa kabuluu. Ndinapopa, phwii, mulibe kanthu.

Anaitana mnyamata wa njinga yamoto. Anandikhazika pakati, amuna anga kumbuyo atandikumbatira kuti ndisagwe. Msewu wathu mukuudziwa, miyala ndi makhwawa. Za m'njira sindikumbuka zambiri, koma ndikukumbuka pakamwa pawo pali pakhutu langa, akunena kuti, "Pumani ndi ine, Nambewe. Kokani. Tulutsani. Musandisiye panjira pano." Akuti milomo yanga inali itada.

Kuchipatala anandiveka chophimba kukamwa ndi kumphuno chotulutsa nthunzi ya mankhwala, n'kundiikanso pa mpweya. Anandimwetsa timapiritsi toyera. Ndinatizindikira, tinali tomwe tija ta amayi anga, koma mphamvu yokana ndinalibe. Pang'ono ndi pang'ono chifuwa chinamasuka.

Mawa lake masana kunabwera adokotala achizimayi, ochokera kumpoto, Chichewa chawo chimveka kuti anachiphunzira atakula. Sanaimirire monga amachitira ena. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi. Anati, "Amama, ndionetseni zonse zimene mumamwa." Amuna anga anakhuthula jumbo pabedi: zopopera zabuluu zotha, ndi mapiritsi a ku Blantyre aja. Adokotala anafunsa kuti, "Nanga kabulauni kali kuti?"

Ndinati, "Ndinataya. Siteroyidi inapha mayi anga."

Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anangoti, "Tandiuzeni za amayi anuwo."

Ndinawafotokozera zonse, nkhope, mabala, chiuno. Kuyambira pa maliro aja palibe munthu anali atandifunsapo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo anati, "Zimene munaona ndi zoona. Mapiritsi amenewo munthu akamamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, popanda womuyang'anira, amachitadi zimenezo. Mantha anu si uchitsiru. Koma mapiritsi amalowa m'mimba, n'kupita m'magazi, n'kuzungulira thupi lonse. Kopopera aka kamatulutsa mankhwala ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo amakagwira ntchito m'mapapo momwe muli vuto. M'timinjira ta mpweya mwanu ndi motupa. Kabuluu kamangotsegula kwa kanthawi, kutupako kamakusiya. Kabulauni ndi kamene kamaphwetsa kutupako."

Amuna anga anakanda kumutu n'kunena kuti, "Adokotala, kapena zili ngati feteleza? Kachivindikiro kamodzi paphando chimanga chimakondwa, koma kukhuthulira thumba lonse chimapsa."

Adokotala anaseka. Anati, "Adada, mwanena bwino kuposa ine."

Kenako ananyamula mapiritsi a mlongo wanga aja. Anati, "Awa si oipa. Ndi oteteza opanda siteroyidi, ndipo alipo anthu amene amawathandiza, makamaka amene mphumu yawo ndi yopepuka, kapena powonjezera pa kabulauni. Koma kwa anthu ambiri mphamvu yawo siifika pa ya kabulauni, ndipo kwa inu taona dzulo kuti paokha sakukwanira. Ndikufunseni, chiyambire kumwa, tulo mumagona bwanji? Mumtima mumamva bwanji?"

Ndinadzidzimuka. Ndinawauza za maloto, za mkwiyo, za masiku amene ndinkalakalaka ndikanangofa. Anati kwa anthu ena mapiritsi amenewa amabweretsa zoterozo, ngakhale si kwa onse, ndipo munthu akaziona ayenera kuuza dokotala msanga. Ndinawauzanso za kachasu, ndikuyang'ana kukhoma. Iwo sanasinthe nkhope. Anati, "Zikomo pondiuza. Nazonso tithandizana."

Atatero anatulutsa kabulauni katsopano n'kukaika pabedi, pambali pa mapiritsi aja. Anati, "Thupi ndi lanu, amama. Ine sindingakutsatireni kunyumba kukakupoperani. Langizo langa ndi kabulauni. Koma wosankha ndinu."

Ndinati, "Mukundilonjeza kuti sinditupa nkhope?"

Anati, "Sindine Mulungu kuti ndilonjeze zonse. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa mlingo umene tikupatseni, zimene zinachitikira amayi anu si zimene timayembekezera. Zimene zimaoneka kawirikawiri ndi kusasa mawu ndi tizilonda toyera m'kamwa, ndipo mukamachukucha mukapopa zimapeweka. Muzibwera tizikuonani. Chifuwa chikakhazikika tidzachepetsa mlingo. Ndipo timapiritsi tomwe takupatsani dzulo ndi ta masiku ochepa chabe, tikatha basi, osakagula ena. Dziwani kuti munthu amene sapopa kabulauni ndi amene amabwera kuno atabanika kawirikawiri, n'kumamwa timapiritsi timene mumatiopato mobwerezabwereza."

Mawu omalizawo anandilasa. Pothawa chinthu, ndinali kuthamangira komwe chili.

Adokotala anapita kukaona odwala ena. Ndinatsala ndi zinthu ziwiri zija pabedi. Amuna anga ankangosisita phazi langa pamwamba pa bulangete. Ndinatenga kabulauni n'kukagwira m'manja. Kanali kozizira, kopepuka. Ndinaganiza za amayi anga, kuti akanakhala ndi kanthu kakang'ono ngati aka, mwina sakanafika pomwa timapiritsi tija zaka zonsezo, mwina bwenzi atamuona mdzukulutuvi wawo. Ndinalira kwambiri, kulira kumene sindinalire ngakhale pamanda pawo. Nditatonthola ndinati, "Bambo a Tadala, kawaitaneni anamwino andiphunzitse."

Anamwino anatenga botolo lapulasitiki la madzi akumwa, loyera bwino, naliboola kumatako kwake, n'kulowetsamo kopopera. Anati ndizikhutchumula kaye, kenako kuika pakamwa pa botolo m'kamwa mwanga, kupopa kamodzi, n'kupuma mofatsa kangapo. Botololo limathandiza kuti mankhwala afike m'mapapo, asathere pa lilime. Ndinachita. Ndinadikira kuti ndimve kanthu. Sindinamve chilichonse.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Kabulauni sikamveka ngati kabuluu. Masiku oyambirira ndinkati akundinamiza. Ndinafuna kusiya. Amuna anga anakaika m'kapu momwe timasungira miswachi, ndipo m'mawa ndi madzulo ankangondipatsira pamodzi ndi madzi ochukuchira. Ndikapopa ndinkachukucha n'kulavula panja. Kenako ndinkathamangira pagalasi kukaona masaya. Ndinachita zimenezo kwa miyezi, ndipo taonani nokha, nkhope ndi yomweyi, yoonda ngati kale, makwinya okha ndi amene awonjezereka.

Patapita masabata angapo ndinazindikira kuti ndasesa bwalo lonse osakhudza kabuluu. Sindinauze munthu, ndinaopa kuti ndikanena zithawa. Mapiritsi a ku Blantyre ndinasiya monga adokotala anandiuzira, ndipo maloto aja anapita, mtima n'kuyamba kupepuka. Sindikuti aliyense awataye. Mnzanga wina wa ku Midzemba amamwa omwewo pamodzi ndi kabulauni, ndipo kwa iye akuyenda bwino. Matupi athu ndi osiyana. Chimene ndikunena n'chakuti musasankhe nokha m'mantha, kuseri, monga ndinachitira ine. Bwerani ndi mantha anuwo muwaike patebulo pa dokotala.

Kachasu sanandisiye mwaulemu. Ndinapita ndekha kwa mayi wotcheza uja n'kumuuza kuti, "Ndikabwera, ngakhale ndigwade, musandipatse." Ndinabwereradi tsiku lina, iye n'kundikaniza, ine n'kumunyoza. Lero timapatsana moni bwinobwino. Ndinagwapo kamodzi pa ukwati wina, ndipo pa sikelo yotsatira ndinawauza adokotala. Sanandithamangitse. Kukhitchini amuna anga anagumula mbali ina ya khoma kuti utsi uzituluka, ndipo kukakhala kopanda mvula timaphikira panja. Mbaula silowanso m'nyumba. Popeta tirigu ndimamanga kansalu kumphuno ndi kuima kumene mphepo ikuchokera. Kabuluu ndimayenda nakobe kulikonse, musakataye, koma tsopano kamakhalitsa. Ndipo kabulauni sindidikira kuti kathe, ndimabwera kasanathe, ngakhale ndikumva bwino. Makamaka pamene ndikumva bwino.

Kumpingo ndinabwerera ndi manyazi, ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Amayi amene ndinawatukwana aja ndi amene anandisunthira malo pabenchi. Yunifomu anandibwezera patapita nthawi. Kwa Tadala ndiye kunatenga nthawi yaitali. Ankabwera ndi mwana, koma osamuchotsa pamiyendo pake, ndipo ine sindinapemphe. Ndinkadziwa chimene anaona. Tsiku lina akupita kuchigayo anaima pakhomo panga, anamasula mbereko, n'kunena kuti, "Amayi, tamuberekani, ndikubwera." Anatembenuka msanga kuti ndisaone maso ake. Mwanayo anagona kumsana kwanga mpaka dzuwa kupendeka.

Mphumu sinathe, abale, ndisakunamizeni. Ndidakali nayo, ndipo chisanu chikafika imandikumbutsa. Koma tsopano imakhala m'nyumba mwanga ngati mlendo, siilamulanso.

Inu mayi a pabenchi, mukalowa m'chipindamo musangolandira mwaulemu n'kukataya. Funsani. Ngati pali munthu wanu amene munamuona akutupa, mutchuleni dzina, afotokozereni. Mukaopa kulowa nokha ndikodoleni, tilowa limodzi.

Ndimalize ndi za sabata yatha. Tinkachokera kudimba ndi amuna anga, ine nditasenza dengu la kachewere, iwo atanyamula makasu. Pali chitunda china chotalika tisanafike kunyumba. Ndinkakwera ndikuganiza za ndiwo zamadzulo, osazindikira kuti ndili ndekha. Ndinangomva mawu kumunsi, a munthu wa befu: "Nambewe! Kodi mukuthamangira kuti? Tandidikirani, ine ndatopa!" Nditacheuka ndinawaona atagwira m'chiuno, akupumira m'mwamba, koma akuseka, misozi ili m'maso.

Ndinatula dengu pansi, ndinakhala pamwala, n'kuwadikira.

Chitseko chatseguka. Tiyeni, amayi, yambani ndinu.